Kodi abambo ananama? Mzere wachitatu umene umagawanitsa kalasi

Pabolodi pali mizere inayi yokha, koma kalasi yagawikana pawiri. Zimenezi zimachitika sabata yachiwiri kapena yachitatu ya kosi ya kuyunivesite ya logic and computation, yophunzitsa malamulo a kaganizidwe kolondola kwa ophunzira makompyuta, ndipo aliyense amene anaphunzitsapo kosiyi amaidziwa mphindi imeneyi ngati kuseri kwa nyumba yake. Mphunzitsi walemba lonjezo la kholo kwa mwana: "Ukakhoza mayeso, ndikugulira foni." Kenako akufunsa kuti ndi pati pamene tinganene kuti abambowa anama.

Mwana wakhoza, foni yabwera: palibe mlandu. Mwana wakhoza, foni osaoneka: onse akuvomerezana kuti apa abambo anama. Mwana walephera, foni sinagulidwe: ena akung'ung'udza koma akulola. Watsala mzere umodzi, wachitatu kuchokera pamwamba. Mwana walephera, koma abambo, kaya ndi chifundo kaya ndi kukakamizidwa ndi amayi, agula foni ndithu. Mphunzitsi akulemba T pamzerewo, kutanthauza kuti lonjezo silinasweke. Dzanja limakwera kumbuyo.

"Pepani aphunzitsi, apo ayi. Anati akakhoza. Sanakhoze. Ndiye foniyo yabwera bwanji?"

"Abambowa ananenapo chiyani za mwana akalephera?"

"Sananene, koma n'zodziwikiratu."

Mawu akuti "n'zodziwikiratu" ndiwo amene kosi yonseyi imalimbana nawo mpaka tsiku la mayeso. Wophunzirayo sakulakwitsa pa nkhani ya chikhalidwe. Pakhomo, kholo likanena choncho, mwana amamva zinthu ziwiri: ukakhoza ulandira, ukalephera sulandira. Koma pabolodi palembedwa chimodzi. Chachiwiricho wachibweretsa yekha kuchokera kunyumba, ndipo kompyuta sidziwa za kunyumba kwanu.

## Chifukwa chake mzerewo ndi T

Aphunzitsi ena amangoti "umu ndi momwe tinagwirizanirana, ingolowezani." Ine yankho limeneli ndimaliona kuti ndi laulesi, ndipo limasiya ophunzira akuganiza kuti logic ndi malamulo ongopeka. Pali chifukwa cholimba, ndipo chimaoneka bwino tikasiya foni n'kutenga manambala.

Taonani chiganizo ichi: pa nambala ina iliyonse n, ngati n igawika ndi 4, ndiye kuti igawikanso ndi 2. Palibe amene amatsutsa kuti chiganizochi ndi choona. Koma tati "nambala ina iliyonse", choncho chiyenera kukhala choona pa nambala imodziimodzi. Tengani 8: igawika ndi 4, igawika ndi 2, umenewu ndi mzere woyamba. Tengani 7: siigawika ndi 4, siigawikanso ndi 2, mzere wachinayi. Tsopano tengani 6. Siigawika ndi 4 koma igawika ndi 2. Umenewu ndi mzere wachitatu uja, mwana wolephera ali ndi foni m'manja. Mukanena kuti mzere wachitatu ndi F, kutanthauza bodza, ndiye kuti 6 yagwetsa chiganizo chimene tonse tikudziwa kuti ndi choona. Nambala yokhayo imene ikanachigwetsa ndi yogawika ndi 4 koma yosagawika ndi 2, ndipo nambala yotero kulibe.

Choncho p → q, kutanthauza "ngati p, ndiye q", imangoletsa chinthu chimodzi: p kukhala choona q ili bodza. Zina zonse imazilola. N'chifukwa chake p → q ndi chimodzimodzi ndi ¬p ∨ q, kutanthauza "p si choona, kapena q ndi choona". Chizindikiro cha muvichi sichinena kuti p ndiye wachititsa q, sichinenanso kuti p anayamba q n'kutsatira. Wophunzira akavomereza zimenezi ndi mtima wonse, theka la mavuto a semesita latha. Akangoloweza osavomereza, mzerewu umam'bwerera m'malo ena asanu, atavala zovala zina.

## Makhadi anayi

Kuti muone kuti vutoli si la ophunzira ofooka okha, pali zimene katswiri wina wa za kaganizidwe ka anthu, Peter Wason wa ku University College London, anayesa mu 1966. Patebulo pali makhadi anayi, ndipo lililonse lili ndi lembo mbali ina, nambala mbali inayo. Mukuona E, K, 4 ndi 7. Lamulo likuti: ngati khadi lili ndi lembo la liwu mbali ina, mbali inayo kuli nambala yogawika ndi 2. Ndi makhadi ati amene muyenera kutembenuza kuti mudziwe ngati lamuloli latsatidwa?

Ambiri amati E yekha, kapena E ndi 4. Yankho ndi E ndi 7, ndipo amene amalipeza amakhala pafupifupi m'modzi mwa anthu khumi. Khadi la 4 lilibe ntchito: kuseri kwake kukhale A kapena kukhale M, lamulo silisweka. Khadi la 7 ndilo loopsa, chifukwa kuseri kwake kukapezeka lembo la liwu, lamulo lagwa.

Tsopano sinthani nkhani, mafupa ake akhale omwewo. Mwalowa m'bala, lamulo likuti womwa mowa akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo. Pali anthu anayi: wina akumwa mowa, wina akumwa Fanta, wina mukum'dziwa kuti ali ndi zaka 40, wina 16. Mufunsa ndani? Palibe amene amavutika. Mufunsa zaka za womwa mowayo, ndipo musuzumira m'tambula ya wa zaka 16 uja. Mdala wa zaka 40 mumusiya amwe chimene akufuna. Richard Griggs ndi James Cox anayesa funso la mtundu umenewu mu 1982 ndipo ambiri analikhoza.

Mutu wa munthu umatha kuganiza bwino ukakhala pamalo amene ukuwadziwa. Kosiyi imachotsa bala, mowa ndi foni, n'kukusiyani ndi p ndi q, kuti muone ngati mungayendebe opanda chogwirira. Wotembenuza khadi la 4 wasokoneza p → q ndi q → p. Mvula ikagwa msewu umanyowa, koma msewu wonyowa sutanthauza kuti kwagwa mvula, mwina paipi yaphulika. Chimene mungatenge pa p → q mosaopa ndi ¬q → ¬p: msewu ndi wouma, ndiye kuti mvula sinagwe. Limenelo ndilo khadi la 7.

## Chichewa chimathandiza pati, chimasocheretsa pati

Kosiyi imaphunzitsidwa m'Chingerezi, koma amene amaganiza m'Chichewa ali ndi mwayi wina umene sauzindikira, komanso maenje akeake.

Tiyambe ndi "kapena". Mlendo akafunsidwa kuti "tiyi kapena thobwa?", akudziwa kuti asankhe chimodzi. Koma chikwangwani chikati "bweretsani chiphaso cha unzika kapena pasipoti", wobweretsa zonse ziwiri sabwezedwa. Chizindikiro cha ∨ ndi cha mtundu wachiwiriwu: chimodzi, chinacho, kapena zonse. "Kapena" wa tiyi ndi thobwa amatchedwa exclusive or, ndipo mukam'funa muyenera kum'manga nokha pogwiritsa ntchito ∧, chizindikiro cha "ndi": (p ∨ q) ∧ ¬(p ∧ q).

Pa "only if" ndi "unless" m'pamene ophunzira ambiri, ngakhale obadwira m'Chingerezi, amataya malikesi. Apa Chichewa chimathandiza. "Udzadya pokhapokha ngati wasamba m'manja" ndi "sudzadya pokhapokha utasamba m'manja" akunena chinthu chimodzi, ndipo mwana aliyense amamva kuti kusamba sikulonjeza nsima, mwina sinapse. Chimene chikunenedwa n'chakuti tikakuona ukudya, ndiye kuti unasamba. Muvi ukuchoka pa kudya kupita pa kusamba. Choncho "p only if q" ndi p → q, ngakhale kuti liwu la "if" lakhala pafupi ndi q ndipo dzanja limafuna kulemba mobwerera.

Kosi ikafika pa predicate logic, pamabwera ∀ ndi ∃, "aliyense" ndi "alipo wina". Kusiyana kwa "onse sanabwere" ndi "si onse amene anabwera" khutu lachichewa limakumva msanga. Choyamba chikuti bwalo linali lopanda munthu. Chachiwiri chikuti panajomba wina, mwina m'modzi yekha. Kukana ∀x P(x) kumabala ∃x ¬P(x), osati ∀x ¬P(x). Wophunzira akakayikira papepala, angonena chiganizocho chamumtima m'Chichewa.

Koma dzenje lalikulu ndi dongosolo la zizindikirozi. "Munthu aliyense ali ndi mayi wake" ndi ∀x ∃y, ndipo mayiyo amasintha malinga ndi munthu. Mukatembenuza n'kulemba ∃y ∀x, mwanena kuti pali mayi m'modzi amene anabala anthu onse. Zizindikiro ndi zomwezo, zangosinthana malo, koma choyamba n'choona, chachiwiri ndi nthano. Kumbukirani mayi ameneyu, tidzakumana nayenso kumapeto.

Palinso kalamulo kamene kamagwetsa ambiri pomasulira: ∀ amayenda ndi →, pomwe ∃ amayenda ndi ∧. "Ophunzira onse alipira fizi" ndi ∀x (S(x) → F(x)), pamene S(x) akuti x ndi wophunzira ndipo F(x) akuti x walipira. Mukaikapo ∧ mwanena kuti chilichonse padziko, mbuzi ndi mipando yomwe, ndi wophunzira ndipo chalipira. "Wophunzira wina walipira" ndi ∃x (S(x) ∧ F(x)). Mukaikapo →, mpando umodzi ndi wokwanira kuchititsa chiganizocho kukhala choona, chifukwa mpando si wophunzira, ndipo p ikakhala bodza muvi umakhala T. Mizere ya m'munsi ija yabweranso.

## Truth table imatha mphamvu

Masabata oyamba amanyenga. Truth table, tebulo la mizere ya T ndi F ngati lija la foni, ndi ntchito ya manja: ma variable (zilembo ngati p ndi q) awiri mizere 4, atatu mizere 8, anayi mizere 16. Wophunzira wakhama amapeza malikesi onse pa asayimenti yoyamba n'kuyamba kuuza anzake kuti kosiyi ndi yophweka. Koma mizere imawirikiza kawiri pa variable iliyonse yowonjezera. Akakhala 10 ndi mizere 1,024. Akakhala 20 ndi 1,048,576. Akakhala 60, kompyuta yoyang'ana mizere biliyoni imodzi pa sekondi ingatenge zaka zoposa 36. Funso loti kodi pali mzere ngakhale umodzi wopereka T limatchedwa SAT, ndipo mu 1971 Stephen Cook anasonyeza kuti ndi NP-complete, kutanthauza kuti wopeza njira yachangu yolithetsera wapezanso ya mafunso ena ambirimbiri ovuta. Mpaka lero palibe amene wapeza njira yachangu yothetsera mtundu uliwonse wa funsoli. Ndipo pa predicate logic tebulo silingalembeke n'komwe, poti manambala alibe malire.

Apa m'pamene pamalowa natural deduction, njira imene Gerhard Gentzen anaikonza cha m'ma 1934. M'malo moyang'ana mizere yonse, mumayenda sitepe imodziimodzi, ndipo sitepe iliyonse iyenera kutchula lamulo limene lailola ndi mizere imene yagwiritsa ntchito. Nachi chitsanzo chaching'ono cha proof, umboni wa sitepe ndi sitepe. Tapatsidwa p → q ndi q → r, tikufuna p → r.

1. p → q, tapatsidwa
2. q → r, tapatsidwa
3. p, tikuyerekeza, bokosi latsegulidwa
4. q, kuchokera pa 1 ndi 3
5. r, kuchokera pa 2 ndi 4, bokosi latsekedwa
6. p → r, kuchokera pa bokosi la 3 mpaka 5

Chimene chimavuta si malamulo, amakwana tsamba limodzi. Chovuta ndi kudziwa poyambira. Ophunzira ambiri amayang'anitsitsa mizere imene apatsidwa n'kumayembekeza kuti china chake chitulukamo. Njira yabwino ndi kuyambira pansi. Lembani chimene mukufuna kumunsi kwa tsamba, muone chizindikiro chake chachikulu. Ngati ndi muvi, tsegulani bokosi, ikani mbali ya kumanzere pamwamba, ya kumanja pansi. Ngati ndi ∧, mwapeza ntchito ziwiri zazing'ono. Ngati ndi ¬, yerekezani chimene chikukanidwacho n'kusaka kutsutsana. Mukatero, mpata wotsala pakati umakhala mizere iwiri kapena itatu.

Cholakwika chimene woyika malikesi amakumana nacho kwambiri ndi kuba m'bokosi lotseka. Wophunzira afika pa mzere 7, akufuna q, n'kuloza mzere 4. Koma q wa pa mzere 4 anali woona pokhapokha tikuyerekeza p. Zili ngati kunena kuti "tiyerekeze kuti wakhoza, ndiye kuti uli ndi foni", kenako n'kupita kukagula mayunitsi. Bokosi likatsekedwa, zonse za m'kati mwake zafa, chatsala ndi muvi umene labala.

Cholakwika chachiwiri chili pa ∃. Mwauzidwa kuti alipo wina amene anaba nkhuku. Lamulo limakulolani kum'patsa dzina, koma likhale dzina latsopano, losapezeka pena paliponse mu proof yanu. Mukagwiritsa ntchito dzina limene lilipo kale, mwanamizira munthu. Umu ndi momwe ophunzira "amatsimikizira" kuti poti pali nambala yogawika ndi 2 ndipo pali nambala yosagawika ndi 2, ndiye kuti pali nambala imene ili zonse ziwiri. Onse awiri anawatcha a.

## Zizindikiro ziwiri zofanana nkhope

Pakati pa semesita pamabwera ⊢ ndi ⊨, ndipo ophunzira ambiri amaziona ngati kalembedwe kawiri ka chinthu chimodzi. Pamayeso m'pamene amazindikira kuti ayi. Choyamba chikunena za pepala: pali mndandanda wa masitepe ololedwa wochoka apa kufika apo. Chachiwiri chikunena za tanthauzo: paliponse pamene za kumanzere zili zoona, za kumanja nazonso n'zoona. Soundness ikuti chilichonse chimene malamulo angatulutse n'choonadi. Completeness ikuti chilichonse chotsatira moona, malamulo angathe kuchifika. Kurt Gödel anatsimikizira completeness ya predicate logic mu 1929, ndipo isasokonezedwe ndi incompleteness yake ya 1931, imene ikunena za nkhani ina, ya masamu a manambala.

Phindu lake pamayeso ndi ili. Funso likati sonyezani kuti chakuti sichingatsimikizidwe, kulemba kuti "ndayesa njira zonse zakanika" sikupatsa malikesi. Mupeze mzere umodzi, kapena kadziko kakang'ono ka zinthu ziwiri kapena zitatu, m'mene za kumanzere zili zoona koma za kumanja zili bodza. Kenako mutchule soundness: proof ikanakhalapo, kadziko kotere sikakanapezeka. Mizere itatu, funso latha.

## Pamene zifika pa pulogalamu

Funso limene limamveka kawirikawiri m'makonde ndi lakuti, "Ine ndinabwera kudzaphunzira kulemba mapulogalamu, izi zikundithandiza chiyani?" Mbiri yake ndi yaifupi. George Boole anasandutsa kuganiza kukhala algebra mu 1847 ndi 1854. Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT mu 1937, anasonyeza kuti algebra yomweyo imafotokoza maswichi a magetsi. Mayunivesite amasiyana pokonza kosiyi. Ku Waterloo, m'dziko la Canada, CS 245 imachoka pa propositional logic n'kukafika pa kutsimikizira mapulogalamu. Ku Northeastern, mumzinda wa Boston, CS 2800 yakhala ikugwiritsa ntchito chida chotchedwa ACL2s. Ku Edinburgh a chaka choyamba amaphunzira logic pamodzi ndi Haskell, chilankhulo cholembera mapulogalamu. Kwina zimabisala m'kosi ya discrete mathematics. Koma malo ogwera ndi omwewo.

Tsegulani Python mulembe all([]). Yankho ndi True. Mndandanda mulibe kanthu, koma kompyuta ikuti zonse za m'menemo zakwaniritsa lamulo, chifukwa palibe chimene chaliswa. Lembani any([]), yankho ndi False. Tsopano ganizani pulogalamu yoti ivomereze ngongole ngati mboni zonse zasayina. Munthu wosabweretsa mboni ngakhale imodzi adutsa bwinobwino. Pulogalamuyo sinalakwitse. Wolembayo ankaganiza kuti "mboni zonse" zikutanthauzanso kuti mboni zilipo, n'zodziwikiratu, ndipo sanalembe.

Malamulo a De Morgan nawo amaluma tsiku ndi tsiku. Mukufuna kufunsa munthu mobwereza mpaka atayankha "inde" kapena "ayi". Wongoyamba amalemba kuti bwerezani ngati yankho si "inde" or yankho si "ayi". Loop imeneyi siidzatha, chifukwa yankho lililonse limasiyana ndi limodzi mwa awiriwo. Kukana p ∨ q kumabala ¬p ∧ ¬q. Pamafunika and.

Gawo lolemera kwambiri ndi Hoare logic, yochokera kwa Tony Hoare mu 1969, pomanga pa ntchito ya Robert Floyd ya 1967. Mumalemba chimene chili choona pulogalamu isanayambe, ndi chimene chiyenera kukhala choona ikatha. Lamulo la assignment, mzere wopatsa variable nambala yatsopano, limayenda chobwerera, ndipo apa ambiri amapunthwa. Ngati pambuyo pa x = x + 1 mukufuna x > 5, tengani x > 5, paliponse pali x ikani x + 1. Mupeza x + 1 > 5, kutanthauza x > 4. Amene amayenda chakutsogolo amapeza x > 6 n'kumadabwa.

Pa loop pamafunika invariant, chiganizo chimene chili choona musanalowe ndipo chimakhalabe choona mukazungulira kamodzi. Tengani pulogalamu yophatikiza manambala kuyambira 1 mpaka n. Yambani ndi i = 0 ndi s = 0. Pamene i < n, chitani i = i + 1 kenako s = s + i. Invariant yake ndi s = i(i + 1)/2 pamodzi ndi i ≤ n. Poyamba zonse ndi 0, zikugwirizana. Kuti muone kuzungulira kumodzi, yambirani pansi: pambuyo pa s = s + i mukufuna s = i(i + 1)/2, choncho patsogolo pake pafunika s + i = i(i + 1)/2. Bwererani sitepe ina, ikani i + 1 m'malo mwa i, mupeza s + (i + 1) = (i + 1)(i + 2)/2. Ikani s wakale, mbali zonse zikufanana. Potuluka, i < n ndi bodza ndipo i ≤ n ndi choona, choncho i = n, ndipo s = n(n + 1)/2.

Ophunzira amaiwala kachidutswa ka i ≤ n, ndipo akafika kumapeto amangodziwa kuti i ≥ n, zimene sizikwanira. Ena amatenga yankho lomaliza, s = n(n + 1)/2, n'kuliyesa invariant, koma limeneli si loona pakati pa ulendo. Njira yopezera invariant ndi kuyendetsa loop pamanja katatu kapena kanayi, kulemba i ndi s m'mizati iwiri, n'kufunsa kuti chikuwamanga pamodzi n'chiyani. Mukasinthanitsa mizere iwiri ya m'kati mwa loop, n = 4 ipereka 6 m'malo mwa 10, ndipo proof idzakana pamalo enieni pamene pali vuto. Dziwaninso kuti invariant siitsimikizira kuti loop idzatha. Pamafunika nambala ina imene ikutsika ulendo uliwonse koma siingapite pansi pa 0. Pano ndi n − i.

Ngakhale proof yolondola ili ndi malire ake. Mu 2006 Joshua Bloch anaulula kuti binary search (njira yosaka chinthu pogawa mndandanda pakati mobwereza) ya mu laibulale ya chilankhulo cha Java, imene iye mwini analemba, inali ndi vuto limene linakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi osaoneka. Pofuna kupeza pakati pa mndandanda ankalemba (low + high) / 2, pamene low ndi high ndi malo oyambira ndi othera kusaka. Pamasamu palibe cholakwika. Koma int, mtundu wa nambala wa mu Java, imathera pa 2,147,483,647, ndipo mndandanda ukapitirira zinthu biliyoni imodzi, low + high imatha kudumpha malirewo n'kusanduka nambala ya negative. Kukonza kwake ndi low + (high − low) / 2. Proof ya papepala inkanena za manambala opanda malire, makina anali ndi ma bit 32.

## Kawerengedwe kamene kamagwira ntchito

Kosiyi siiwerengeka ngati history. Munthu atha kuwerenga proof ya m'manotsi, mzere uliwonse n'kumagwedeza mutu, koma atapatsidwa pepala loyera osalemba kanthu. Tsekani manotsi, lembani proof yomweyo nokha, ndipo pamene mwaima m'pamene pali chimene simunamve. Ma proof awiri kapena atatu tsiku lililonse amaposa makumi awiri usiku wa mayeso, chifukwa chimene mukuphunzitsa ndi diso lozindikira mtundu wa funso.

Musanayambe kutsimikizira chinthu, tayani mphindi ziwiri kuyesa kuchigwetsa. Ngati chagwa, mwapulumutsa ola lathunthu. Ngati chakana kugwa, chifukwa chimene chakanira nthawi zambiri ndicho mutu wa proof yanu. Pa gulu lowerengera limodzi, kusinthana mapepala n'kumasakirana mzere wopanda lamulo kumaphunzitsa kuposa kufotokozerana. Ndipo pa structural induction, njira yotsimikizira chinthu pa formula iliyonse poyambira pa tizidutswa take, imene imabwera mwakachetechete n'kugwetsa anthu ambiri, lembani kaye mitundu yonse ya formula: atom (lembo lokha ngati p), ¬, ∧, ∨, →. Uliwonse ukhale ndi ndime yake, ndipo mu ndime iliyonse lembani poyera chimene mukuyerekeza pa tizidutswa tating'ono. Woyika malikesi amayang'ana chiganizo chimenecho poyamba.

## Mayi uja wabweranso

Masabata omaliza amafika pa zimene Alan Turing anasonyeza mu 1936: palibe pulogalamu imene ingalandire pulogalamu ina iliyonse ndi input yake n'kunena molondola nthawi zonse ngati idzaima kapena idzazungulira mpaka kalekale. Mfundo yake ndi yaifupi kuposa proof zambiri za pa asayimenti. Yerekezani kuti pulogalamu yoteroyo ilipo, itcheni H. Mangani ina, D, imene imalandira pulogalamu P n'kufunsa H kuti kodi P ikadyetsedwa P yomwe idzaima. H akati idzaima, D amalowa mu loop yosatha. H akati siidzaima, D amaima pomwepo. Tsopano dyetsani D kwa D. H akati idzaima, siima. Akati siidzaima, yaima. Bokosi limene tinatsegula poyerekeza kuti H alipo lathera pa kutsutsana, choncho timalitseka n'kulemba ¬ patsogolo. Ndi lamulo lomwe lija la ¬ la mu natural deduction.

Pamayeso, ophunzira ambiri amalemba kuti Turing anasonyeza kuti sitingadziwe ngati pulogalamu idzaima. Koma masabata awiri apitawo iwo omwe anatsimikizira kuti loop yophatikiza manambala ija imaima, pogwiritsa ntchito n − i. Pa pulogalamu imodzi yodziwika, yankho lilipo, "inde" kapena "ayi", ndipo kapulogalamu kongosindikiza yankho loyeneralo kalipo, ngakhale ife tisakudziwa kuti ndi kati mwa tiwirito. Chimene kulibe ndi H m'modzi woyankha molondola pa onse. Choyamba ndi ∀P ∃H, chachiwiri ndi ∃H ∀P, ndipo Turing anakana chachiwiri chokhacho. Woyika malikesi akaona chiganizo chakuti "sitingadziwe", amazunguliza ndi cholembera chofiira n'kufunsa m'mphepete kuti ndi ∀ uti amene wabwera poyamba.